Vinyo Wowawasa wa ku Barroso

Régua,
Lolemba, mwezi wa Okutobala

Wokondedwa mlongo wanga Amílcar,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo. Uli bwanji kumeneko ku Luxembourg? Msana uja unapola, kapena wabwerera ku ntchito mongolimba mtima monga mwa khalidwe lako? Nanga mlamu wanga Noémia ndi ana ali bwanji? Ife kuno tilipo. Alamu ako a Custódio akudandaula bondo, koma ukawaitanira chakudya bondolo limachira pompo. Mphesa tinamaliza kukolola. Mvula chaka chino inatichitira ulemu, inadikira mpaka dengu lomaliza litalowa.

Udabwa kulandira kalata pamene foni ilipo. Ndachitira dala. Pa foni iwe sumvetsera, umangodikira kuti mnzako apume kuti ulowepo. Pepala sungalidule mawu. Ndiye khala pansi, ndipo ngati uli ndi kapu m'manja uyiike kaye patebulo.

Bambo apeza mkazi. Mtima wawo ukufuna kumukwatira, koma sakwatira, ndipo chowaletsa ndi iwe.

Ndikudziwa kuti magazi akwera kale. Inenso anandikwera, mwina kuposa iwe, chifukwa ine ndinazionera pamaso. Ndilole ndikufotokozere mwatsatanetsatane, ukamaliza kuwerenga ndiye ukwiye bwino.

Iwe bambo umawaona mu Ogasiti basi. Ukamabwera amameta ndevu, amavala shati yoyera, amakuyendetsa m'munda ngati mnyamata. Ine ndimawaona mlungu uliwonse. Chimwalirire amayi, zaka zitatu tsopano, munthu uja akutha pang'onopang'ono. Amadya ataimirira, supu wa dzana ndi buledi wouma. Kubwalo kumene anzawo amasewera makadi anasiya kupitako. Ndikawaphikira nyama Lachitatu, ndimaipeza Lamlungu ili momwemo, mafuta atagwirana pamwamba. Ndikawadzudzula amati nkhalamba sidya zambiri.

Ndiye titangomaliza kukolola anandiimbira. Anati akufuna kukaona ku Barroso, kumapiri kwawo kwa amayi, akapemphe Misa ya malemu m'tchalitchi chimene amayi anabatizidwiramo. Anati maso awo akutha, ndipo akufuna akaoneko asanatseke. Ndikanakana bwanji? Ndinapempha masiku awiri ku sitolo ya mankhwala, ndinathira mafuta m'kagalimoto kanga, ndipo Lachisanu m'mawa ndinali pakhomo.

Ndinawapeza atakonzeka kale, atakhala pakhonde ndi chigubu cha vinyo wawo pakati pa miyendo. Anali atameta tsitsi kwa ometa enieni, osati kudzidula okha ndi lumo la kukhitchini. Nsapato zinali zopukuta mpaka kuwala. Atalowa m'galimoto ndinamva fungo la mafuta onunkhira aja unawapatsa pa Khirisimasi, amene anati ndi a anthu osasamba. Ine wopusa ndinangoti akulemekeza tchalitchi.

Ukudziwa kuti chiwalandire dokotala chiwongolero, bambo amayendetsa galimoto ndi pakamwa. Tisanatuluke n'komwe m'mudzi anali atayamba.

"Giya yachiwiri, mwanawe. Ukuyendetsa galimoto kapena ukukankha wilibala?"

Ndinawauza kuti ngati akufuna angathe kutsika n'kutsogola wapansi, ine ndizitsatira. Anaseka. Ndinali nditaiwala kuseka kwawo, Amílcar, moti ndinacheuka kuti ndione ngati ndi iwo, ndipo anandikalipira kuti maso akhale pamsewu.

Tinakwera kuchoka kumtsinje, masamba a mpesa atafiira mapiri onse. Munda uliwonse umene tinadutsa unalandira chiweruzo chake. Uwu anaudulira mochedwa. Uwo mwini wake ndi waulesi, mpanda wamiyala wagwa ndipo sakuukonza. Winawo anagula anthu a mumzinda, amene amayesa kuti mpesa ndi maluwa a pakhonde. Ine ndinkangovomera, chifukwa kutsutsana ndi bambo pa nkhani ya mpesa ndi kudzitopetsa.

Masana tinaima pamalo ena odyera tisanafike ku Vila Real, aja a m'mbali mwa msewu kumene amaimako oyendetsa malole. Tinaitanitsa kambuzi kootcha ndi mbatatesi. Mwini malo, bambo wonenepa wa thaulo paphewa, anabweretsa jagi ya vinyo n'kuima pomwepo kudikira chiyamiko. Ine ndinkadziwa kale chimene chikubwera.

Sindikufunika kukukumbutsa za lilime la bambo. Zaka makumi anayi akulawa migolo ya eni minda, sananamepo ngakhale kamodzi pa nkhani ya vinyo. Ndi iwo aja anauza ansembe pakhomo la tchalitchi kuti vinyo wa pa Misa wasasa. Ndi iwo aja ananena pa ukwati wako kuti vinyo wa amalume ake a Noémia ndi wabwino kutsukira mapazi, ndipo mpaka lero amalumewo akandiona amawoloka msewu.

Ndiye ananunkhiza, anazunguza tambula, n'kulawa. Kenako anayang'ana mwini malo uja mwachifundo.

"Achimwene, mgolo umenewu munautsuka liti? Kapena mumasungiramo nsapato nthawi ya dzinja?"

Bamboyo anafiira mpaka m'makutu. Koma anali munthu wa mtima wabwino. Anaseka, anatenga jagi ija, n'kubwera ndi botolo la kuseri limene amamwa yekha. Bambo analawa n'kunena kuti ndi ameneyo angathe kukambirana. Anagwirana chanza ngati achibale. Koma kambuzi kaja bambo anangokatola pang'ono, kotsalako ndinamaliza ine.

Madzulo tinafika ku Chaves, tinapeza zipinda, ndipo tinakadya nsomba za mumtsinje zokazinga ndi nyama ya nkhumba yofutsa. Kumeneko vinyo anali woyera. Bambo anauza mayi wotiperekera kuti amenewo ndi madzi amene anangodutsa pafupi ndi mphesa n'kuzipatsa moni. Manyazi anandigwira. Titatuluka ndinawauza kuti tsiku lina wina adzawaswa mutu ndi jagi, ndipo ine sindidzawaleretsa. Anandiyankha kuti lilime limenelo ndi lomwe linatiphunzitsa sukulu iwe ndi ine, ndipo akaliphunzitsa bodza lero, mawa lidzawanamiza iwo eni.

Usaiwale mawu amenewo, chifukwa sanathe tsiku limodzi.

M'mawa mwake tinayamba kukwera mapiri enieni. Mpesa unatha, kunatsala miyala, tchire lalifupi, ndi ng'ombe zija za nyanga zazitali zimene zimaima pakati pa msewu n'kumakuyang'ana ngati iwe ndi amene wasochera. Nkhungu inatsika moti ndinayatsa magetsi dzuwa lili pamutu. Ndinazindikira kuti kwa nthawi ndithu palibe amene wandiuza za giya. Bambo ankangopukutapukuta chipewa chawo pamawondo.

Kenako anayamba kukamba za amayi. Zina ndinkazidziwa, zina ayi. Anati amayi anatsika msewu womwewo wapansi ali mtsikana, m'gulu la anthu a kumapiri amene ankabwera kudzakolola mphesa chaka ndi chaka. Ankayenda nsapato zili m'manja kuti zisathe, wina akuliza kodiyoni kutsogolo. Masana ankasenza madengu, madzulo ankaponda mphesa m'thanki yamiyala mpaka miyendo kufiira. Anati tsiku loyamba amayi anawauza kuti ali ndi mphuno yaitali ngati ya galu wosaka, ndipo iwo anadziwa pomwepo kuti kwawo kwatha.

Anati m'gulu lomwelo munali mnzawo wa amayi wapamtima, Leontina. Ndi iye amene ankanyamula mauthenga pakati pa bambo ndi amayi, chifukwa agogo anali ovuta. Anandifunsa ngati ndikuwakumbukira, mayi wamfupi uja anabwera pa maliro ndi buledi wakuda wa kumapiri. Ndinati ndikukumbukira pang'ono. Anati ali ndi kamalo kodyera m'mudzi womwewo, ndipo kungakhale kupanda ulemu kudutsa osawapatsa moni.

Titalowa m'mudzimo ndinafunsa njira ya kutchalitchi. Anati tchalitchi sichithawa, tiyambe tadya. Tinaima pakanyumba kamiyala kofuka utsi. Galu wamkulu anatuluka akuuwa, ine ndinakana kutsegula chitseko. Koma bambo anatsika n'kumuitana dzina. "Farrusco, khala chete, ndine." Munthu amene anati sanapondeko kumeneko chikwatirire, akudziwa dzina la galu. Ndinayamba kununkhiza kanthu, koma ndinati ndione kaye.

Mkatimo munali matebulo atatu, moto pakona, ndi nyama zofutsa zikulendewera kudenga. Dona Leontina anatuluka kukhitchini akupukuta manja pa epuloni. Ndi mayi wa msinkhu wa amayi, wamfupi, wovala zakuda kuyambira mpango mpaka masokosi, chifukwa amuna awo anamwalira kalekale. Anayang'ana bambo kuyambira kutsitsi mpaka kunsapato.

"Mwafika, a Delfim? Ine ndimati mudzabwera ndili kale pansi pa mtanda. Nanga tsitsi lija mwalitaya kuti?"

Bambo, aja saopa ngakhale ansembe, anasowa poika chipewa. Anachiika patebulo, anachichotsa, anachiika pampando, kenako anachikhalira. Dona Leontina anandigwira masaya ndi manja awiri, manja ofunda onunkhira adyo, n'kunena kuti ndine Ondina weniweni, kungoti Ondina wa tsiku limene wakwiya. Palibe amene ananditchulira dzina la amayi mosaopa chonchi chichitikire maliro. Anthu onse amalitchula motsitsa mawu.

Anatipatsa chakudya chawo cha kumapiri, kabichi ndi mbatatesi zophikira limodzi ndi nyama yofutsa ndi masoseji, mbale yaikulu yofuka nthunzi. Amílcar, bambo anadya. Anamaliza mbale yoyamba, anawonjezera, n'kupukuta msuzi ndi buledi mpaka mbale kuyera. Anadya atakhala pansi, akuyankhula, mafuta ali pachibwano.

Tsopano vinyo. Kuseri kwa nyumbayo kuli kampesa kamene amuna awo a Dona Leontina anabzala motsamira khoma. Kumtunda kumeneko mphesa sizipsa, chisanu chimazipeza zili zobiriwira. Koma mayiyo amazifinyabe chaka chilichonse, ndipo amathira m'timbale toyera monga amachitira kumeneko. Ine ndinayamba kulawa. Mano anachita dzanzi, misozi inalengeza, ndipo ndinamva ngati wina wandikoka makutu onse awiri. Viniga wa kukhitchini kwanga ndi wotsekemera.

Ndinayang'ana chitseko kuti ndidziwe kothawira. Bambo ananyamula kambale kawo. Ananunkhiza. Anazunguza. Anamwa, n'kusunga m'kamwa monga amachitira. Ndinaona chikope chawo chakumanzere chikunjenjemera. Dona Leontina anali chiimire ndi jagi m'manja. Bambo anameza, anaika kambale pansi bwinobwino.

"Ndi wabwino, mayi. Onjezani."

"Mukunama, a Delfim. Ameneyu ngakhale nkhumba zanga zimamukana."

"Nkhumba zidziwa chiyani za vinyo? Onjezani."

Anawonjezera, ndipo bambo anamwa. Anawonjezeranso. Mayiyo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi epuloni, bambo nawo akuseka, maso ali psuu chifukwa cha kuwawasa. Pamenepo ndinalibenso chofunsa. Ndinamvetsa za tsitsi, za nsapato, za galu, ndi za chigubu chija chimene anali atachiika kale kuseri kwa chitseko cha kukhitchini.

Sindikubisira, sindinasangalale. Ndinapsa mtima. Ndinachita nsanje m'malo mwa amayi. Zaka zonse zija amayi akaiwala mchere mu supu, bambo ankanena. Akapsereza mpunga, ankanena. Sanawanamizepo ngakhale kamodzi kuti awakondweretse. Lero akumeza viniga n'kumamwetulira chifukwa cha mkazi wina. Ndinadzuka osatsazika, ndinakakhala pampanda wamiyala panja, m'nkhungu muja, ndipo ndinalira ngati mwana.

Patapita kanthawi Dona Leontina anatuluka ndi shawelo, anandifunditsa, n'kukhala pambali panga. Sanandinyengerere. Anandiuza zonse mosazungulira. Anati maliro atatha anaimbira bambo kuti awapepese, ndipo Lamlungu lotsatira bambo anabweza foni. Kuyambira pamenepo amayankhulana Lamlungu lililonse masana. Chaka choyamba ankangokamba za Ondina. Chachiwiri anayamba kukamba za mawondo, za mvula, za galu. Kenako anangozindikira kuti Lamlungu akumatseka malowo msanga n'kukhala pafupi ndi foni ngati mtsikana, ndipo anadzichitira manyazi.

Ndinawauza zimene zinkandiwawa, zoti amayi sananamizidwepo chonchi. 

"Amayi ako sankafunika bodza, mwana wanga. Anali ndi moyo wonse woti akangane n'kugwirizana. Ali mnyamata bambo ako ankaopa kunama. Pano akuopa kudya okha."



Anandiuzanso kuti nyengo yozizira yapitayi anagwa potola nkhuni, ndipo anagona pachisanu mpaka mnansi atawapeza. Mwana wawo wamkazi amene ali ku Switzerland wanenetsa kuti sadzakhalanso okha kumapiriko. Akubwera Khirisimasi isanafike kudzatseka malowo n'kuwatenga. Iwo sakufuna. Anati kumeneko adzangokhala pawindo la nyumba yosanja, osamva chiyankhulo, kudikira imfa.

Bambo anawafunsira mu Julaye, pa foni. Iwo anayankha kuti kutsikira kumtsinje angatsike, msewu akuudziwa, anauyendapo wapansi. Koma sangalowe m'nyumba imene mwana wa Ondina watseka chitseko.

Mwana ameneyo ndi iwe, Amílcar.

Mwina unaiwala. Tsiku la maliro titabwera kumanda, anthu atadzaza m'nyumba, mayi wina woyandikana nafe anatenga epuloni ya amayi pamsomali kuti atithandize kutsuka mbale. Iwe unamulanda m'manja. Unanena mokweza, bambo ali pomwepo, kuti m'nyumba muno simudzalowa mkazi wina iwe uli moyo. Ndikudziwa kuti chinali chisoni chimene chinkayankhula. Tonse tinali osokonezeka tsiku limenelo. Koma iwe patatha mlungu unakwera ndege, ndipo mawu ako anatsala. Paja amati ukayenda siya phazi, osati mlomo. Mlomo wako wakhala m'nyumba muja zaka zitatu, ndipo bambo amaumvera kuposa dokotala.

Kutchalitchi tinapita ndithu, tonse atatu. Misa tinapempha. Kenako Dona Leontina anatitsogolera kumanda a agogo, makolo a amayi. Ine ndinkayembekeza kupeza tchire, chifukwa iwe ndi ine sitinapiteko chibadwire. Ndinapeza posesa, mwala wotsuka, ndi maluwa m'chitini. Sananene kuti ndi iwo amachita zimenezo. Ndinangoona kuti akudziwa pamene amabisa tsache.

Potsazikana sanakumbatirane. Anagwirana chanza ngati anthu amene agulitsana ng'ombe, kungoti chanzacho chinatenga nthawi. Mayiyo anatipatsa buledi ndi soseji m'pepala, n'kuuza bambo kuti adye asapatse mphaka.

Pobwerera m'mimba mwa bambo munayamba nkhondo. Tinaima kawiri m'tchire, ndipo ulendo wachiwiri atabwera ndinawafunsa ngati vinyo wabwino amachita chonchi. Anati ndi kabichi. Ndinaseka mpaka kutsamira chiwongolero, ndipo mkwiyo wanga unathera pomwepo, pakati pa miyala ndi ng'ombe.

Mpesa utayambanso kuoneka m'mbali mwa msewu, ndinawafunsa mwachindunji. Ndinati bambo, mukuwafuna mayi aja?  Anati zitini sakuziopa. Ukukumbukira kuti kwathu wamasiye akakwatiranso anyamata amabwera kudzagogoda zitini ndi mabelu a ng'ombe pakhomo. Anati angawatulutsire vinyo n'kugogoda nawo limodzi. Anatinso amayi sakuwaopa, chifukwa anakambirana nawo kale kumanda, ndipo akudziwa kuti Ondina akanangowaseka za tsitsi.

"Koma Amílcar ananena. Mkazi ndinataya kale, Benvinda. Sindingatayenso mwana."

Ndinawauza kuti ine ndikudziwitsa iweyo za nkhaniyi. Anandigwira mkono mwamphamvu moti galimoto inapepeluka. Anati ndisayerekeze. Anati iwe uli kutali, ukugwira ntchito yolemetsa m'dziko la eni, ndipo chimene chimakulimbitsa ndi kudziwa kuti kwanu kuli momwe unakusiyira. Anati sangakulande chimenecho chifukwa cha zofuna za nkhalamba. Anapita kumapiriko kuti akawaone mayi aja kamodzi ndi maso, asanawatenge, basi.

Titafika pamlatho wa ku Pinhão, dzuwa litapendeka, anati ndiime. Ndinayesa kuti ndi m'mimba muja. Koma anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kansalu kakuda ka maliro, kaja amavala pamkono chimwalirire amayi. Ndi pamene ndinazindikira kuti tsiku lonse mkono wawo unali wopanda kanthu. Anali atakavula tili kumtunda, ine osaona.

Anayesa kukamanga okha. Pini inkakana kulowa. Anayesanso. Kenako anandipatsa, osandiyang'ana.

"Tandimanga, mwanawe. Tikulowa m'mudzi."

Ndinawamanga, Amílcar. Ndi manja angawa. Ndinakoka kansaluko kuti kakhale bwino, ndinatseka pini, ndipo iwo anati zikomo. Msewu wonse wotsalawo sanatchule giya ngakhale kamodzi.

Dzulo linali Lamlungu, ndinapita kukawaona. Ndinawapeza ataimirira pasinki ndi mbale ya supu wozizira. Tikucheza, foni ya pakhoma inalira. Sanasunthe. Inalira, inalira, ine ndikuwayang'ana, iwo akuyang'ana supu. Ndinati bambo, foni. Anati ndi anthu otsatsa malonda. Itasiya anatsuka mbale imene inali isanathe, n'kutuluka kupita kumunda kumene kulibenso ntchito. Aganiza kuti kuli bwino amuzoloweze mayi uja kukhala chete kusanafike kupatukana.

Ndaphwanya lamulo lawo polemba kalata ino, ndipo sindikudandaula. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bambo sadzakupempha, adzangoonda mwaulemu mpaka tsiku limene ndidzakuimbire kuti ukwere ndege.

Sindikuti uwakonde Dona Leontina. Sindikuti uwatche amayi, inenso sindidzawatcha. Amayi athu ndi amodzi, ndipo palibe amene akufuna malo awo, ngakhale mayi aja, amene anawadziwa ife tisanabadwe. Ndikungofuna uganize chinthu chimodzi chimene chakhala chikundisowetsa mtendere chibwerere kumapiri. Tonse tikulira amayi. Koma iwe ukalira, Noémia ali pomwepo. Ine ndikalira, a Custódio amandiwiritsira tiyi n'kumang'ung'udza za bondo lawo mpaka ndiseke. Ife tikulira tili ndi otifunditsa. Amene tamusiyira kuti asenze maliro m'nyumba yozizira, kuti ifeyo tizimva kuti tikulemekeza amayi, ndi nkhalamba ya maso akutha.

Ndimakudziwa, mlongo wanga. Uli ndi pakamwa pa moto koma mtima wako ndi wofewa, ndinakubereka kumbuyo ine. Ukwiya masiku awiri, udzakalipira Noémia popanda chifukwa, udzati Benvinda amalowerera za eni. Kwiya ndithu. Koma Khirisimasi sili kutali, ndipo mayi aja akangokwera galimoto ya mwana wawo, ngakhale utabwera chogwada sipadzakhalanso chokonza.

Sipafunika mawu ambiri. Bambo si munthu wa zokamba zazitali, iwenso ayi. Ungowauza kuti zimene unanena tsiku lija zinali za tsiku lija. Ngati ungathe kubwera pa tsiku la Martinho Woyera mu Novembala, pamene tidzatsegule vinyo watsopano, bwera udzanene uli pamaso pawo. Ngati ntchito sikulola, foni ikwanira.

Undiperekere moni kwa mlamu wanga Noémia, umuuze kuti mbewu za kabichi zija ndamusungira. Upsompsone Telmo ndi Iva m'malo mwa azakhali awo. A Custódio akupereka moni, ati msanawo uziusamala chifukwa sagulitsa wina. Mulungu akusunge pa ntchito yako, akudalitse iwe ndi a m'nyumba mwako, ndipo akupatse mtima wofatsa powerenganso kalatayi, chifukwa ndikudziwa kuti uyiwerenga kawiri.

Uimbe Lamlungu m'mawa, isanalire ya kumapiri, kuti ikadzalira masana adzaiyankhe.

Ndine mlongo wako wokukonda,
Benvinda